Scleroderma ndi chithokomiro: mmene ndinayezetsera kuno ku Joni

Anzanga a scleroderma (matenda olimbitsa khungu, obwera chitetezo cha mthupi chikamalimbana ndi mwini wake) kuno ku Joni, kutopa kulikonse musamangoti ndi matenda omwewa. Ine ndinkangogona, kudzimbidwa, tsitsi kuthothoka, kuzizidwa ngakhale mu December, kunenepa chonsecho kumeza nsima kumandivuta, ndiye zambiri mwa izi zimabweranso ndi scleroderma munthu sungaganize kuti pali china. Chitetezo cha mthupi chikayamba kulimbana ndi mwini wake, kwa ena ndithu chimakafikanso pa chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni. Yofala ndi Hashimoto, chithokomiro chimafooka osatulutsa mahomoni okwanira. Ena imakhala Graves, chithokomiro kutulutsa mahomoni ochuluka, mtima kuthamanga thupi kuonda.

Tsiku langa la kiliniki ya rheumatology (ya nyamakazi ndi matenda ngati athuwa) ku chipatala cha Bara (Baragwanath) ndinawauza adokotala zonsezi, nkupempha kuti ayeze chithokomiro. Anandigwiragwira pakhosi, kenako pa fomu ya NHLS (labu ya boma yoyeza magazi) anachonga TSH (homoni yolamula chithokomiro kuti chigwire ntchito), free T4 (homoni imene chithokomiro chimatulutsa) ndi anti-TPO. Yomalizayi ndi imene imaonetsa ngati chitetezo ndicho chikuwononga. Sizifuna kusala kudya, koma ngati mumamwa biotin ya tsitsi ija nenani, imasokoneza zotsatira.

Povuta ndi potenga magazi. Khungu lathuli ndi lolimba, mitsempha imabisala, ndiye kuzizira kwa June kwa kuno ndi Raynaud (vuto la magazi kusafika bwino ku zala kukazizira) zala zimachita kuyera pa layini pomwepo. Ine ndinamwa madzi ambiri mmawa, ndinavala magolovesi ndi jekete kuyambira pa teksi renki, nditafika ndinawauza a sisita kuti ndili ndi scleroderma ndiye anatenga kasingano kakang'ono kaja ka butterfly. Kasitika ka barcode kamene amamata pa khadi kasungeni bwino, ndi kamene amapezera zotsatira pa kompyuta.

TSH imayenera kukhala cha pakati pa 0.4 ndi 4, yanga inali pamwamba, T4 pansi, anti-TPO positive. Hashimoto. Koma dziwani kuti anti-TPO yokha TSH ili bwinobwino si ndiye kuti muyamba mankhwala ayi, amangokuyezani pafupipafupi.

Anandiyambitsa levothyroxine, piritsi lolowa m'malo mwa homoni imene ikuperewerayo, kuno mumaipeza ngati Eltroxin kapena Euthyrox, ndipo apa mpamene ndikufuna mumvetsetse abale. Kapiritsika kamafuna mmimba mopanda kanthu, madzi okha, ndiye mudikire mphindi 30 mpaka 60 musanamwe tiyi kapena phala. Calcium ndi mapiritsi a iron atalikirane nako maola 4. Ambirife timamwanso omeprazole chifukwa cha chilungulira, ndipo imachepetsa mmene thupi limayamwira levothyroxine, matumbo athunso amayenda pang'onopang'ono, ndiye osangosiya nokha, auzeni adokotala ndi aku famase akukonzereni nthawi zake. Ine ndimaika kabotolo pambali pa foni, alamu ikalira ndamwa, ndikamamaliza kusamba nthawi yakwana.

Pakapita masabata 6 mpaka 8 mumabwereranso kukayeza TSH kuti aone ngati dozi yakwana, kwa ine anawonjezera pang'ono. Khungu ndi zala sizinasinthe, zimenezo ndi za scleroderma, koma tulo ta masana tija tinachepa ndipo ku ntchito ndimafika madzulo mutu uli bwino. Amayi, mukangodziwa kuti ndinu oyembekezera pitani msanga, dozi imafunika kukwera.

Mankhwalawa kwa ambiri ndi a moyo wonse. Amene mukupita kumudzi pa Khirisimasi pemphaniratu okwanira ulendo wonse ndi kalata ya adokotala, muike mu handibagi osati mu katundu wa pansi pa basi.