Mmene ndinapezera ndalama zojambulira chiyankhulo chomwe chikutha

Ndisanalembe kalata iliyonse yopempha thandizo, ndinayamba ndawerenga kaye malamulo a mabungwe opereka ndalamazi. Onse amanena zopulumutsa ziyankhulo, koma aliyense ali ndi pake pomwe amaika ndalama. Padziko lapansi pali ziyankhulo pafupifupi 7,000, ndipo UNESCO imati pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zili pangozi yoti zitha. Opempha ndi ambiri, thumba ndi laling'ono.

Chiyankhulo chomwe ndikugwirapo ntchito ndi cha agogo anga akuchikazi. Ochiyankhula bwinobwino ndi achikulire okhaokha. Ana amamva, koma amayankha m'chiyankhulo china. Ine mtima unali pa kuphunzitsa anawo. Koma bungwe la Endangered Languages Documentation Programme, lomwe ambiri amangoti ELDP, limalipirira kujambula ndi kusunga chiyankhulo, osati makalasi. Linayamba mu 2002 ndi ndalama za bungwe lachifundo la Arcadia, linali ku yunivesite ya SOAS ku London, kenako mu 2021 linasamukira ku Berlin. Mabungwe ngati Endangered Language Fund la ku America ndi Foundation for Endangered Languages la ku Britain amalola ntchito yotsitsimutsa chiyankhulo, kungoti ndalama zawo n'zochepa. Ndinaganiza zoyamba ndi kujambula, poti achikulirewo sadikira, ndipo ndinapempha thandizo laling'ono la ELDP, lomwe silipitirira mayuro 10,000.

Ndalamazo sizilowa mu akaunti ya munthu. Pamafunika yunivesite kapena bungwe lodziwika loti lizilandire ndi kuziyang'anira. Apa yambani msanga, chifukwa siginecha ya a zachuma siyenda pa liwiro lanu.

Kenako fomu imafuna umboni woti chiyankhulocho chilidi pangozi, komanso zomwe ena anajambula kale. Ndinapeza chizindikiro chake cha ISO 639-3, zilembo zitatu zomwe zimaimira chiyankhulo pa mndandanda wa padziko lonse, ndinayang'ana pa Glottolog, kaundula wa ziyankhulo wa pa intaneti, kuti ndione mabuku omwe alipo, ndipo ndinalemba mosabisa kuti pali mndandanda wa mawu wakalekale koma palibe kanema wa anthu akucheza. Oweruza mafomu ndi akatswiri a ziyankhulo. Mukati palibe chilichonse chinalembedwa pamene chilipo, amadziwa.

Gawo lomwe linandidyera nthawi kwambiri ndi la chilolezo cha eni ake. Pa fomu ndi kabokosi kamodzi, koma pamaso pa anthu ndi nkhani yaitali. Nditafotokoza kuti zojambulazo zikasungidwa kunja, gogo wina anandiyang'ana n'kufunsa kuti, “Mwanawe, mawu athuwa akapita kumeneko, ife tidzawamvanso?” Ndinayankha kuti, “Mudzawamva agogo, ndipo zidzukulu zanu zidzakhala nawo pa foni.” Sanakhutire mpaka titagwirizana kuti nkhani zina za m'banja zisamvedwe ndi aliyense. Mwayi wake, nkhokwe ya ELAR, komwe ELDP imasungira zonse, imalola kuti fayilo ina ikhale yotsegula, ina yotseka mpaka wina atapempha chilolezo. Zomwe tinagwirizanazo ndinazilemba mu fomu momwe zinalili. Popeza ena mwa achikulirewo sawerenga, ndinafotokoza kuti chilolezo chawo ndidzachijambula pakamwa m'chiyankhulo chawo chomwecho.

Bajeti ndiye pomwe ambiri amaterereka. Maso amathamangira pa kamera ndi maikolofoni, chonsecho zipangizo ndi gawo laling'ono. Zimafunikadi: kamera, maikolofoni yapadera yoika pafupi ndi woyankhula, mawu ojambulidwa mu WAV (mtundu wa fayilo wosunga mawu bwino lomwe) osati MP3, ndi malo awiri osiyana osungira mafayilo. Koma ntchito yeniyeni imayamba kamera ikazimitsidwa. Mumatsegula pulogalamu ya ELAN, yopangidwa ku Max Planck Institute ku Nijmegen, n'kumadula zoyankhulazo chiganizo ndi chiganizo. Mumabwereza kachidutswa kamodzi kambirimbiri, wodziwa chiyankhuloyo ali pambali panu akunena pang'onopang'ono zomwe zanenedwa, inu mukulemba, kenako n'kumasulira. Pena agogo anaseka ali pakati pa mawu, pena awiri anayankhulira pamodzi. Ola limodzi lojambula limatha kumeza maola makumi angapo. Choncho ndalama zambiri ndinaziika pa malipiro a oyankhula, omasulira, ndi achinyamata oti ndiwaphunzitse kugwira kamera ndi ELAN. Kwa ine, bajeti yomwe salipira eni chiyankhulo ndi yokayikitsa, kaya ilembedwe mokongola bwanji.

Pa chifukwa chomwecho sindinalonjeze maola ambiri. Ndinasiyanitsa maola ojambula ndi maola omasuliridwa mokwanira, ndipo achiwiriwo ndinawachepetsa. Ndinatchulanso mitundu ya zoyankhula: nthano, macheza wamba, malangizo a kagwiridwe ka ntchito, mikangano yocheza. Nthano zokhazokha sizionetsa mmene anthu amafunsirana mafunso kapena kudulana mawu.

Nditatumiza panadutsa miyezi ingapo. Yankho linabwera lovomera, limodzi ndi mafunso oti ndikonze pa bajeti. Asanakutumizeni kukagwira ntchito, a ELDP amakuphunzitsani kaye za kujambula ndi kulemba tsatanetsatane wa fayilo iliyonse: woyankhula ndani, zinajambulidwa liti, kuti, nkhani yake ndi yotani. N'zotopetsa, koma fayilo yopanda zimenezi palibe angadzaipeze m'nkhokwe.

Pano mafayilo oyamba alowa kale ku ELAR. Ndayamba kulemba pempho lachiwiri, lopita ku mabungwe ang'onoang'ono aja, loti nthano zomwe tamasulira tizisandutse timabuku ta ana okhala ndi mawu omvera pa foni. Nthawi ino ndili ndi choonetsa, ndipo awiri mwa achinyamata omwe anaphunzira ELAN alembedwa pa fomu ngati anzanga otsogolera ntchitoyo.