Kuyeza ayironi m'mapiritsi ndi potassium permanganate

Mapiritsi a ferrous sulphate a 200 mg, omwe amapezeka m'mafamase ku Limbe, amakhala ndi ayironi pafupifupi 65 mg. Sinjani piritsi limodzi, lisungunuleni mu 25 cm³ ya sulphuric acid ya 1 mol/dm³ mu flask, ndipo mu burette (chubu chagalasi choyezera madzi, chokhala ndi kampopi pansi) muthire potassium permanganate (KMnO₄) ya 0.02 mol/dm³, yomwe muzidonthezera mu flaskmo. Ayoni imodzi ya permanganate (MnO₄⁻) imasandutsa ma Fe²⁺ (ayironi wa m'piritsi) asanu kukhala Fe³⁺, choncho muyembekezere kugwiritsa ntchito permanganate yokwana 11.6 cm³ kapena pafupi pamenepo.

Indiketa, mankhwala osintha mtundu osonyeza poimira, siyofunika. Dontho likagwa, mtundu wapepo umazimiririka. Mukaona pinki wotuwa amene sakuchoka kwa masekondi 30, imani. Madzi a mu burette ndi oderako kwambiri, ndiye werengani pamwamba pa meniscus (kupindika kwa pamwamba pa madziwo), poyamba ndi pomaliza pomwe.

Asidi ndiye amagwetsa ambiri. Akachepa, mumatuluka matope abulawuni a MnO₂ ndipo poyenera kuimira sipaonekanso. Hydrochloric acid ndiye ayi ndithu: permanganate imasandutsa chloride kukhala klorini, nambala ya pa burette n'kukwera mwabodza. Nitric acid nayo imayamba yokha kusintha Fe²⁺, nambala n'kutsika.

Madzi apampopi muno mu Blantyre ali ndi klorini, yomwe imadyanso Fe²⁺, choncho gwiritsani ntchito distilled water ngakhale potsukuluza flask. Musasungunule piritsi m'mawa kuti mudzayeze madzulo, makamaka kutentha kwa Okutobala, chifukwa mpweya umakhala ukusintha ayironiyo pang'onopang'ono. Permanganate isungidwe m'botolo labulawuni, kutali ndi zenera, poti kuwala kumaiwononga.