Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Wapansi kuzungulira Park Station

Mu gawo lapitali ndinakusiyani basi yathu ikulowa mu Joni, titadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, mapazi atatupa. Ambirife timatsikira pa Park Station, ndipo malangizo omwe timapatsana kumudzi ndi amodzi: gwiritsa chikwama, usayankhe munthu, thamangira takisi. Malangizowa ndi oona, akuba alipodi. Koma chifukwa cha mantha omwewo, Amalawi ambiri amatha zaka mumzindawu osadziwa zomwe zili kuseri kwa mpanda wa siteshoni.

Ine ndinachita mwayi. Ntchito ndinali ndisanaipeze, ndipo Loweruka lina achimwene anga, omwe ankandisunga, anati, "Mphwanga, vala nsapato zofewa, foni uyike m'thumba la kutsogolo. Lero ndikuonetsa tauni." Ndinafunsa kuti, "Achimwene, tikwera chiyani?" Iwo anangoloza miyendo yawo.

Tinatulukira chipata cha kumpoto, pafupi ndi polowera sitima ya Gautrain, yomwe inayamba kufika pa Park mu 2012 ndipo imadutsa pansi pa nthaka. Kuchoka pamenepo tinakwera chitunda mpaka pa Constitution Hill. Pamalopa panali ndende. Mahatma Gandhi anatsekeredwapo, Nelson Mandela nayenso, ndipo kundende ya amayi kunatsekeredwa Albertina Sisulu ndi Winnie Mandela. Koma chomwe chinandikhudza kwambiri ndi chigawo chotchedwa Number Four, komwe ankaunjika amuna akuda. Ambiri mwa iwo sanabe kapena kupha. Mlandu wawo unali kuyenda m'tauni opanda pasi, chiphaso chomwe anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nacho. Ndinagwira thumba momwe munali pasipoti yanga, ndikuganiza za masiku omwe anandidindira pa Beitbridge. Ndendeyi inatsekedwa mu 1983, ndipo kuyambira 2004 pamalo omwewo pali khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Njerwa zina zomangira khothili anazigumula kundende komweko. Amene anaganiza zimenezi anaganiza bwino, chifukwa woweruza akamalowa amaona ndi maso ake zomwe lamulo loipa linachita.

Braamfontein tinangodutsa, ana a ku yunivesite ya Wits ali piringupiringu m'misewu. Kenako tinafika pa mlatho wa Nelson Mandela, womwe anautsegula mu 2003. Ndi wautali mamita 284, ndipo pansi pake palibe madzi ayi, pali njanji zoposa 40 ndi mabogi a sitima ataima mizeremizere. Ukaima pakati umaona nsanja ya Hillbrow mbali ina, ndi Carlton Centre ya nsanjika 50 mbali ina. Mphepo yake ndi yobaya, makamaka mu Julayi.

Kutsidya kwa mlathowo ndi ku Newtown, kuli Market Theatre ndi bwalo la Mary Fitzgerald. Achimwene sanachedwepo, ananditengera ku kanyumba kosaoneka bwino kunja, kotchedwa Workers' Museum. Iyi inali komponi yomangidwa mu 1913, yogonamo amuna ogwira ntchito ku khonsolo ya mzinda. Mkati muli mabedi a simenti ondandalikana, opanda chotchinga pakati pa munthu ndi mnzake, komanso kachipinda kotsekeramo wolakwa. Amuna akuluakulu, a mabanja awo kwawo, ankagona ngati matumba a chimanga m'nkhokwe, ndipo mkazi kapena mwana sankaloledwa kukhalamo.

Apa ndi pomwe ndinakhala pansi. Agogo athu aamuna anapita ku migodi kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito, lomwe dzina lake linatsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Tili ana tinkangodziwa za zomwe anabwera nazo: njinga, wailesi, bulangete lolemera ndi jekete lomwe ankavala ku tchalitchi. Za komwe ankagona sanatiuzepo. Iwo anali ku komponi ya mgodi, osati ino, koma achimwene anati kagonedwe kake kanali komweka. Ndinayika dzanja pa simentiyo, inali yozizira masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinamvetsa chifukwa chake agogo ankatsokomola usiku wonse, komanso chifukwa chake agogo aakazi ankati tsiku lomwe Kamuzu analetsa za Wenela iwo anathokoza Mulungu. Chiletsocho chinabwera mu 1974, ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70.

Achimwene anandikumbutsanso za Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay, yemwe mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU, lomwe pambuyo pake likulu lake linasamukira mu Johannesburg momwemu. "Usamayende mowerama ngati wabwera kudzapempha," anatero. "Mzindawu thukuta la kwathu liliponso."

Dzuwa litapendeka tinagula magwinya, mandasi a kuno, n'kulowera ku renki ya Bree, komwe anandiphunzitsa kuimitsa takisi ndi zala, pakuti kuno dera lililonse lili ndi chizindikiro chake. Lolemba lake ndinabwerera ndekha m'tauni, makalata anga ali mu envulopu. Za ntchito yoyamba yomwe ndinapeza ndidzakuuzani mu gawo 10.