Kachomera kodzidzala kokha, sabata yanga ku Xilingol

Sabata yatha ndinali ku Xilingol, ku Inner Mongolia m'dziko la China, kutolera zomera za mu herbarium, malo osungirako zomera zouma zochitira kafukufuku, ndipo pa list yathu panali kachomera kamodzi kamene ndimakafunitsitsa, Erodium stephanianum. Anzanga a ku China amakatchula kuti mangniuermiao. Lolemba lonse tinangoyenda mu msipu wa nkhosa osakaona, ine maso ndimangoponya kolowera madzi ngati ndili kudambo kwathu, mpaka dalaivala wathu, bambo achikulire ndithu, anati aphunzitsi kameneko sikakonda chinyezi, tiyeni m'mbali mwa minda ndi pamchenga pouma. Lachiwiri m'mawa tinakapezadi pompo, kali yadziyadzi m'mphepete mwa msewu.

Sikatalika, masentimita 15 mpaka 50 basi, muzu umodzi wolowa pansi ndipo kamaphukanso chaka ndi chaka. Tsinde laubweya, masamba ong'ambikang'ambika ngati a karoti, timaluwa tapepo ta masamba asanu. Ukafuna kukasiyanitsa ndi Geranium, zomera zachibale zofanana nako, umawerenga ma stamen, tiziwalo ta m'duwa totulutsa mungu, kameneka asanu okha ndi amene amakhala ndi mungu. Dzina lake lasayansilo analemba ndi Willdenow, katswiri wa zomera wa ku Germany, mu 1800, ndipo Erodium akuchokera ku mawu achi Greek otanthauza mbalame yonga kakowa, chifukwa chipatso chake ndi chachitali chosongoka ngati mlomo wa mbalameyo.

Koma chimene chandigwira mtima ndi njere zake abale. Lachinayi usiku ndinaika njere zingapo pa tishu yonyowa mu chipinda changa, kamchira kake kamene kanali kopotana ngati sipuling'i kanayamba kuwongoka pang'onopang'ono ndikuona, kakauma kamapotananso, ndiye kunja mame a usiku ndi dzuwa la masana zikamasinthana njere ija imazungulira nkumadziboolera yokha munthaka ngati sikulu. Ndinakhala pamenepo mpaka cha m'ma 1 koloko, tulo osabwera.

Dalaivala uja anandiuzanso kuti mu mankhwala azitsamba a ku China amakaumitsa nkumakagulitsa ndi dzina lakuti laoguancao, ka nyamakazi.

Lachisanu inali ntchito ya ma label ndi GPS, komanso kusintha manyuzi mu press yopanira zomera kuti ziume chifukwa ma specimen atatu anayamba nkhungu, zinandiwawa kwambiri poti awiri anali ndi maluwa ndi zipatso pamodzi. Lolemba tikubwereranso pamchenga paja njere zisanathothoke zonse.