Namespace ndi adiresi chabe, tsopano zalowa m'mutu

Abale mtima wakhala pansi. Masabata awiri ndakhala ndikulimbana ndi inheritance ya mu C# (class kutengera zinthu za class ina ngati mwana kwa kholo) pomwe class ya kholo ili mu namespace ina mwana ali kwina, ndiye dzulo usiku ndi pomwe chinthuchi chinandiwalira.

Chomwe chimandisokoneza n'choti ndinayambira Java. Ku Java package (gulu la ma class) imapereka ufulu, ukasiya field osalemba public kapena private class iliyonse ya mu package yomweyo imaiona, ndipo protected nayo imatsegukira onse a mu package imeneyo. Nditafika pa C# ndimaganiza kuti namespace imachitanso zomwezo, moti ndimasamutsa ma class uku ndi uku kuti mwana "ayandikire" kholo lake. Ayi ndithu. Ku C# namespace ndi adiresi chabe yoti compiler (pulogalamu yomasulira code) ipeze class, siyitseka khomo komanso siyitsegula. Internal imayang'ana assembly (fayilo ya .dll kapena .exe momwe muli class), protected imayang'ana ubale wa kholo ndi mwana, kaya mwanayo ali mu namespace iti amaona za protected za kholo lake basi.

Chinanditsegula maso ndi Timer. Ndinali ndi using System.Timers komanso using System.Threading (mizere yoitanira ma namespace) pamwamba pa fayilo, n'kulemba class Wotchi : Timer, pompo compiler inandikana ndi error ya CS0104 kuti Timer uti poti alipo awiri. Ndipo awiriwa ndi osiyana kwambiri, wa Threading ndi sealed sungamupange kholo ngakhale utafuna, wa Timers ndiye amalola. Apa ndi pomwe ndinaona kuti vuto silinali inheritance, vuto linali dzina. Compiler simafunsa kuti mumakhala limodzi kapena ayi, imangofuna kudziwa kuti kholo lake ndi ndani kwenikweni.

Ndiye pano ndimalemba dzina lonse la kholo, class Wotchi : System.Timers.Timer, pa class iliyonse yomwe kholo lake lili kwina. Kwa ine iyi ndiye njira yoposa zonse, ukangotsegula fayilo waona kale komwe kholo likuchokera osakasakanso m'ma using. Ena amakonda alias (dzina loimira dzina lonse), ya using Timer = System.Timers.Timer ija, imagwira ntchito inde koma ine ndimaona ngati ikubisa zinthu.

Chimandiwawa n'choti aphunzitsi athu nkhaniyi anangoidutsa. Namespace inatenga silaidi imodzi, inheritance sabata ina ndi zitsanzo za Animal ndi Dog zonse mu fayilo imodzi, palibe tsiku lomwe anazilumikiza ziwirizi. Nditafunsa anati tidzaona ku project, koma project ikabwera nthawi imakhala itatha kale, munthu umangothamangira kuti code iyende upereke. Ngakhale CS0060 ija, yoti class ya public singakhale ndi kholo la internal, ndinakumana nayo ndekha usiku, chikhalirecho ndi chinthu choti akanafotokoza mphindi zisanu.

Pomwe ndikukayikabe ndi pa project yaikulu. Ma namespace akakhala ozama, kholo lili ndi ma generic (ngati List<T>), mzere wa class utalika mpaka kutuluka pa sikirini, ndiye mwina alias ija ndidzaifuna ndithu. Komanso kholo likakhala mu library ya anthu ena yomwe angathe kuisintha nthawi iliyonse, mtima wanga sunakhazikike ngati ndi bwino kupanga inherit kapena kungoisunga class yawoyo ngati field mkati mwa yanga. Ndiyesa zonse ziwiri pa Wotchi yemweyu kaye.