Zaka 5 za makina omwe ankati ndinaba

Mwezi uno shopu yathu yosoka ya ku Area 25 yakwanitsa zaka 5. Ambiri mumangoona zovala za zinkhoswe zomwe timaika pa Facebook, koma ena munamvapo kale nkhani yanga m'minibasi, itathiridwa mchere wambiri. Lero muimve kwa mwiniwake.

Ndinayambira pakhonde la nyumba ya lendi ku Kawale, ndi makina amodzi opalasa a Butterfly omwe ndinagula ndi ngongole ya banki m'khonde. Chaka chotsatira ndinawonjezera ovaloko, makina osokera m'mphepete mwa nsalu. Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi bambo wina, chinkhoswe tikumangoti chaka chamawa. Sindinama, ankathandiza: kukatenga nsalu ku Bwalo la Njobvu, kuperekera makasitomala zovala pakabaza.

Chikondi chitatha ndinanyamula makina anga awiri, tebulo lodulirapo ndi ayironi ya makala n'kupita kwa achemwali ku Area 25. Tsiku lachitatu, ndikuyeza mayi wina diresi la ukwati wa mwana wawo, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, panafika wapolisi ndi kalata yondiitana. Akuti ndaba makina a bambo uja. Mayi aja anavula diresi lija osalankhula, nalipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Ndibwera tsiku lina, mwanawe." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kalata ija.

M'chitokosi sindinagonemo, koma makina anatsala kupolisi ngati umboni kwa masabata awiri, nyengo ya zinkhoswe ili pakati. Funso linali limodzi: lisiti ili kuti? Ya Butterfly inali itasowa posamuka paja.

Anandiombola ndi amayi a banki m'khonde. Mlembi ndi msungichuma anabwera okha ndi buku lomwe limakhala m'bokosi la maloko atatu lija. Mlembi ananyowetsa chala, n'kutsegula tsamba lenileni: tsiku lomwe ndinakongola, ndalama yake, chiwongoladzanja, ndi siginecha yanga pa sabata iliyonse yomwe ndinabweza. Ovaloko ndinalipira pa Airtel Money, ndipo uthenga unali ukadali m'kafoni kanga ka mabatani komwe anthu ankandiseka nako. Amene anandigulitsa ovalokoyo atayitanidwa anatembenuza makinawo, nambala yake inafanana ndi ya m'kope lake.

Apo nkhani inasintha. Bambo uja anayamba kunena kuti ndinatha kusunga ndalama zanga chifukwa ndalama ya ndiwo ankapereka ndiye. Wapolisi anangoti zoterozo si kuba, kakambiraneni kwa ankhoswe. Ankhoswe ake ati, poti chinkhoswe chinali cha chaka chamawa? Makina ndinakwera nawo minibasi madzulo omwewo, ovaloko ili pamiyendo.

Kwa inu achimwene a katapila amene munabwera kudzalonjerera ndalama yanu tsiku lisanakwane mutangomva kuti ndaitanidwa kupolisi, ndinakupatsani yonse ndipo sindinabwerenso. Nanunso amayi a zitenje amene munasiya kundikongoza, foni zanu za masiku ano ndimaziona. Ngakhale kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipi, ulusi ndi layiningi zitakwera usiku umodzi, shopu sinatseke.

Ndithokoze Mulungu. Ndithokoze achemwali ndi alamu anga amene anandipatsa pogona ndi pakhonde posokera osawerenga masiku. Amayi a gulu lathu la banki m'khonde, inu ndinu maloya anga. Amayi a mvano amene munabweretsa mayunifolomu anu mphekesera zili mkati, zikomo. Atsikana anga awiri amene timachezera limodzi usiku magetsi akabwera mochedwa, ndi mnyamata wa kabaza amene sanatayepo phukusi ngakhale limodzi, Ambuye akudalitseni. Ndipo mayi a diresi aja anabweradi patatha mwezi, ndi azichemwali awo atatu.

Pano tili ndi makina 6. Timasoka zovala za chinkhoswe ndi ukwati, masuti a chitenje, mayunifolomu a sukulu ndi a kwaya, komanso timakonza za kaunjika zokula. Za Disembala bwerani pano, musadikire sabata yomaliza. Tili pafupi ndi msika wa Nsungwi. Mukasiya nsalu kapena dipoziti, lisiti timalemba pomwepo, ngakhale ikhale ya zipi imodzi.