Zikomo nonse amene munandigwira dzanja

Kafukufuku wanga wa kayendetsedwe ka mota zamagetsi watha, ndipo sindingangokhala chete.

Zikomo bambo a ku labotale. Mawaya a mkuwa a m'mota atapsa, fungo la vanishi lili ponseponse, munatha masiku atatu mukuwakulunganso pamanja, osandikalipira ngakhale wolakwa ndinali ine.

Zikomonso inu amene sindikukudziwani ngakhale nkhope. Mota ya mapolo 4 (nsonga za maginito za m'kati mwake) pa magetsi a 50 Hz (osinthasintha ka 50 pa sekondi) siingazungulire kupitirira maulendo 1,500 pa mphindi, koma yanga inkaoneka ngati ikupitirira. Munangoona zotsatira zanga pa intaneti n'kunena kuti sensa yoyezera liwiro sindinaitchere bwino. Zinalidi choncho. Milungu iwiri yathunthu ndikuimba mlandu inverter yosalakwa, chipangizo chowongolera magetsi opita ku mota!

Aphunzitsi ondiyang'anira, lipoti lija linkabwerako lili psuu ndi inki yofiira. Ndinkang'ung'udza chamumtima, pepani. Zikomo kwambiri.